Zakumi wa mubokosi la mkungudza

Wayambitsa zonsezi ndi mwana wanga wa zaka zisanu. Tsiku lina madzulo anatenga foni ya mayi ake, kaya anadina pati, kenako ndangoona akuthamangira pakhonde pomwe ndinakhala kuti adadi taonani agalu avala mayunifomu. Kuyang'ana ine, si agalu ayi, ndi zidole zitatu zoimira World Cup ya 2026, zomwe pachizungu amati ma mascot, zija a FIFA anazitulutsa mu September 2025. Popeza mpikisanowu ndi wa mayiko atatu, nde aliyense anabwera ndi chake. Canada inabweretsa Maple, chinyama cha kwawoko chachikulu kuposa ng'ombe cha nyanga zotambalala ngati zikhatho, ndipo akuti ndi goloboyi. Mexico inabweretsa Zayu, jaguar, tingoti msuweni wake wa nyalugwe, ameneyo ndi womwetsa zigoli. America nayo inabwera ndi Clutch, chiwombankhanga cha mutu woyera chofanana zedi ndi nkhwazi yathu ya kunyanja, wosewera pakati. Ndamufotokozera zonsezi bwinobwino, iye kungondiyang'ana nkufunsa kuti nanga chathu ndi chiti?

Sindinamuyankhe. Ndinangolowa kuchipinda nkukoka bokosi la pansi pa bedi.

Bokosi limeneli ndi la mkungudza, ena amati sida, lija amasema anyamata a ku Likhubula nkumagulitsa kwa azungu okwera phiri. Bambo anga analigula kalekale ine ndisanabadwe ndipo mpaka lero ukalitsegula fungo lake limadzadza chipinda chonse. Mkatimo muli masatifiketi, khadi ya sikelo yanga, zithunzi za ukwati wa makolo, ndi chidole chimodzi chachikasu cha tsitsi lobiriwira, diso limodzi linachoka. Zakumi.

Chinabwera ndi amalume mu June 2010. Iwo nthawi imeneyo anali ku Joni, ankagwira ntchito ya m'garden kwa mzungu wina, ndipo anabwera pa holide World Cup itatsala masiku ochepa kuti iyambe. Anthu ankawaseka kuti dziko lonse likupita ku South Africa inu nde mukuthawako, iwo amvekere tikiti yake ndingaithe ine, bola ndikaonere kwathu pa video show ndikudya chinangwa. Anafika kuli chiperoni chija cha mu June, chifunga chatsekeratu phiri osaoneka olo pang'ono, kamvula kowaza kosakata, atanyamula zikwama ziwiri zikuluzikulu za mizeremizere zija. Munatuluka mabulangete, mafuta ophikira, sopo, vuvuzela wofiira amene anasowetsa mtendere mudzi wonse kwa mwezi, kenako pansi penipeni chidolechi. Anandiponyera ine popeza ndinali wamng'ono pa ana onse, ndili Standard 7.

Agogo aakazi anali pamkeka pafupi ndi moto akusenda kalongonda. Anati tabwera nacho kuno. Anachitembenuza uku ndi uku, kuchiyang'ana kumaso, kukhudza mawanga aja, nkufunsa mwana wawo kuti kodi chimenechi nchiyani. Amalume akuti amayi ameneyo ndi nyalugwe, ndi chizindikiro cha mpira ukuchitika ku Joni. Agogo anakhala kaye chete, kenako anachiyika pansi kutali ndi mkeka nkunena mawu omwe kwathu timawatchulabe mpaka lero: "Nyalugwe amaseka? Iwe unamuona nyalugwe akuseka?"

Ife tonse kufa nako kuseka, koma iwo sankacheza. Anatiuza kuti ali mtsikana, kumudzi kwawo mmunsi mwa phirimu, nyalugwe ankatsika usiku kudzagwira mbuzi mkhola momwe, ndipo mmawa mumangopeza magazi ndi mkwekwe wolowera kutchire, nthawi zina mbuzi ija mumakaipeza ili pamwamba pa mtengo. Akuti akalira kuphiri kumamveka ngati munthu akucheka thabwa ndi sowo, ndipo akalira choncho palibe mwana wotuluka panja olo mimba itavuta bwanji. Nde iwo kuona chinthu chomwecho chitavala kabudula, tsitsi lagirini ngati wagwera mu penti, chikumwetulira, anaona ngati chipongwe. Analamula kuti chisagone mnyumba mwawo. Zakumi anagona kukhitchini mwezi wonse wa World Cup, nchifukwa chake mpaka lero akatuluka kunja kwa bokosi amamveka kautsi pang'ono.

Dzina lake ndinalikonda chifukwa ndinalimva popanda ondimasulira. ZA ndi zilembo zoimira South Africa, kumi ndi khumi yemweyu, mawu omwe zilankhulo zambiri za kuno kwathu zimagawana, kuimira 2010. Kwa mwana wa Standard 7 chimenecho chinali chinthu chachikulu aise, kuti World Cup ili ndi dzina lomwe ndikulimva mchilankhulo changa. Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti anamupatsanso tsiku lobadwa, 16 June 1994. Tsiku la 16 June ndi lija amakumbukira ana asukulu a ku Soweto omwe anaphedwa mu 1976, ndipo 1994 ndi chaka chomwe Mandela analowa m'boma, chaka chomwechonso ife kuno tinavota chisankho cha matipate mu May. Ndiye kuti chidole chija sichinangosokedwa chisawawa, anthu anakhala pansi nkuganiza kuti tikufuna dziko lizitiona ngati mwana wobadwa mu ufulu, wosangalala, wopanda zipsera. Amalume omwe anali komweko mu 2008 nthawi yomwe alendo ankathamangitsidwa mmakomboni, a Malawi ambiri nkubwerera pa mabasi manja ali mkhosi, ankangoseka ndikawauza zimenezi. Amvekere mphwanga, ku Joni kuli nyalugwe weniweni, ameneyu ndi wa pa TV.

Mpira wake tinaonera pa Chitakale, mkachipinda ka malata kodzadza mpaka ena kukhala pa mawindo, jenereta ikulira kuseri. Pa 11 June Tshabalala atamenya chigoli chija ndi Mexico benchi yomwe tinakhalira inathyoka, palibe anadandaula. Za Ghana ndi dzanja la Suarez sindikufuna kuzikamba, Gyan atamenyetsa penate ija pa bala ndinabwerera kunyumba usiku ndikulira, Zakumi ali mjuzi.

Chinandikhumudwitsa china chinabwera mochedwa. Ndili ku sekondale ndinadzawerenga kakansalu kosokerera mmbali mwa chidolecho, Made in China. Ndinkaganiza kuti mwina amalume anagula chafeki pa msewu, zomwe mwina nzoona, koma kufufuza ndinapeza kuti ngakhale zenizeni zina zinkapangidwa ku fakitale ina ku Shanghai, ndipo nkhaniyi inavuta kumayambiriro kwa 2010 manyuzi atalemba kuti ogwira ntchito kumeneko ankalandira tindalama tochepa mmalo osayenera. Bungwe la apantchito la ku South Africa la COSATU linakwiya kuti World Cup ya mu Africa bwanji ntchito yosoka chidole chake ikupita kunja anthu ali pa ulova kwawo konko. Ife a kuno kwa tiyi nkhani ngati imeneyi sitichedwa kuimva. Tiyi timathyola ife mmamawa mame ali thoo, koma paketi yokongola ija ya mshopu za ku London ndalama yake imathera kwina.

Mwambo wa zidolewu si wakale kwambiri. Unayamba mu 1966 ku England ndi mkango wotchedwa World Cup Willie, utavala juzi ya mbendera ya Britain, ndipo anthu atangoona kuti ana akugula basi sunasiyikenso. Mexico 1970 kanali kamnyamata ka chipewa chachikulu, Juanito. Germany 1974 anyamata awiri, Tip ndi Tap. Spain 1982 anangotenga lalanje nkulipatsa miyendo, Naranjito, Mexico 1986 nkubwera ndi tsabola wa ndevu dzina lake Pique, zomwe zimandipatsa chilimbikitso kuti nafenso chinanazi cha ku Mulanje kapena kambuzi akhoza kuvala jezi tsiku lina. Italy 1990 anapanga ka munthu ka timabokosi mutu wake mpira, Ciao, ena amati nchonyansa koma ine ndimachikonda chifukwa sichinamizira kukhala nyama. America 1994 galu Striker, France 1998 tambala Footix. Za 2002 zija zitatu za ku Korea ndi Japan olo mutandipatsa ndalama sindingakuuzeni kuti zinali nyama zanji.

Koma amene amandiseketsa ndi Goleo wa Germany 2006. Mkango wautali utavala jezi ndi nsapato koma wopanda kabudula. Shuwa, anthu ophunzira anakhala mma meeting miyezi, kusainirana mapepala, palibe mmodzi anadzutsa dzanja kuti bwana nanga kumunsiku? A German eni ake anadandaulanso kuti mkango ndi wa a England, ife chizindikiro chathu ndi chiwombankhanga. Kampani yomwe inagula chilolezo chopanga zidole zake, NICI, inagwa mu May 2006 mpira usanayambe nkomwe. Agogo akanamuona ameneyo sindikudziwa akanamugoneka kuti, mwina kuchimbudzi. La'eeb wa ku Qatar 2022, kansalu koyera kouluka kaja kotengera mpango omwe amuna amavala kumutu kumeneko, anabwera iwo atatisiya kale, koma ndikudziwa akanangoti mzukwa basi.

Pali chinthu china chomwe anthu oonera pa TV saganizira, ine ndimachiganizira chifukwa ndinalowamo. Nditamaliza Form 4 ndikudikira zotsatira, kampani ina inabwera pa boma kudzatsatsa malonda ake ndi lole ya zokuzira mawu, nde ankafuna mnyamata wovala chidole chawo. Sinditchula kuti ndi kampani yanji komanso chinali chinyama chanji, mungandizindikire. Unali mwezi wa October. Amene mumaidziwa Mulanje mu October mukumva kale kutentha kwake. Chimutu chija chinali cha siponji, cholemera, chonunkha thukuta la anthu onse omwe anachivala kuchokera ku Karonga mpakana kuno, ndipo sumaonera mmaso mwake ayi, umaonera pa kaneti kali mkamwa, ndiye umangoona miyendo ya anthu ndi fumbi. Anandiuza malamulo awiri: osalankhula, osavula mutu pagulu. Ndinavina maola atatu. Ana ang'onoang'ono ankathawa akulira, okulirapo ankandikoka mchira, ena kundigenda ndi njere za mango kuti aone ngati muli munthu. Mayi wina wogulitsa nthochi anayandikira nkuyang'ana nsapato zanga zomwe zinkaonekera pansi, amvekere iwe si mwana wa uje iwe? Ine ziii, kumangogwedeza chimutu. Pamene ankandivula kuseri kwa lole malaya anali ngati ndagwera mu Likhubula, ndipo ndalama yomwe tinagwirizana anandipatsa theka, ina akuti tidzakutumizira, ndikudikirabe.

Chichokereni tsiku limenelo ndikaona mascot pa TV akudumphadumpha mmbali mwa bwalo, ena akuona nyalugwe kapena mmbulu ngati Zabivaka wa ku Russia 2018, ine ndimaona mnyamata wina mkatimo akupuma movutika, akuwerenga maminitsi. Chimutu chikumwetulira, iye ayi. Mwina nzomwe agogo ankatanthauza.

Nanga nyama zenizenizo zimapindula chani? Apa nde pamene pamandiwawa. Mu 2014 Brazil inasankha Fuleco, kanyama ka mamba komwe kakaopsezedwa kamadzipinda nkukhala ngati mpira. Tikati tifanizire ndi kuno ndi ngati ngaka, ngakhale si mtundu umodzi. Dzina lake analumikiza mawu awiri a Chipwitikizi, futebol ndi ecologia, mpira ndi chilengedwe, ndipo amene anakankha ganizoli linali bungwe loteteza nkhalango youma ya Caatinga komwe kanyamaka kamakhala, poganiza kuti dziko lonse likakadziwa kapulumuka. Asayansi a ku Brazil anapempha chinthu chosavuta kumva, kuti pa chigoli chilichonse chomwe chilowe mu World Cup boma lipatule mahekitala 1,000 a nkhalangoyo kuti atetezedwe. Zigoli zinalowa 171, zisanu ndi ziwiri mwa izo Germany inathira Brazil yemweyo tsiku limodzi. Pempho lija silinatsatidwe, zidole zinagulidwa, mpira unatha, kanyama kaja kakadali pa mndandanda wa nyama zomwe zili pachiopsezo. Ngaka wathunso ndi chimodzimodzi, timangomumva pa wayilesi akagwidwa naye munthu mchikwama.

Chaka chomwecho cha Zakumi, mu January, kunali AFCON ku Angola, ija Flames ya Kinnah Phiri inachita zosayembekezeka kuthira Algeria 3-0, Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Ambiri timakumbukira zigolizo koma chidole cha mpikisanowo tinaiwala. Chinali Palanquinha, mphalapala yakuda ya nyanga zazitali yomwe imapezeka ku Angola kokha, mchigawo chotchedwa Malanje, dzina longa lathuli kusiyana chilembo chimodzi. Timu yawo imatchedwa Palancas Negras chifukwa cha nyama yomweyi, ili paliponse pa zizindikiro zawo, koma nkhondo yawo ya zaka zambiri itatha mu 2002 anthu sankadziwa ngati yatsalako olo imodzi mtchire, mpaka makamera otchera mnkhalango anadzaijambula patapita zaka zingapo. Pa jezi inalipo nthawi yonseyo.

Funso la mwana wanga lija ndinapita nalo ku barbershop Loweruka, ndipo ndinalakwitsa chifukwa kumeta kwa maminitsi 15 kunatenga maola awiri. Tiyerekeze Malawi yapatsidwa AFCON, olo COSAFA, chidole chathu chingakhale chani? Wina anati tambala ngati France, onse kukuwa kuti ayi ayi zandale zimenezo. Wina chimanga, yemweyo anabwezedwa, ndale. Nde tinazindikira kuti kuno ngakhale mtundu wa jezi ya chidolecho ungavute, wobiriwira, wabuluu, wachikasu, wa orange, uliwonse uli ndi eni ake. Wometa anati nkhwazi, ili pamwamba pa chizindikiro cha boma, koma wina anamukumbutsa kuti a Zambia anaitenga kale ili pa mbendera yawo. Mkango watopa, Cameroon inali ndi Mola mu 2022 muja Gabadinho anamenya chigoli cha patali ndi Morocco, a Morocco nawonso abwera ndi mkango wawo. Njovu anatenga a Côte d'Ivoire ndi Akwaba. Nyalugwe ali pa chizindikiro cha boma lathu pamodzi ndi mkango, ndipo nthawi ya atsamunda chizindikiro cha Nyasaland chinali nyalugwe ataima pa mwala, koma Zakumi anatitsogolera. Mdala wina amene amangobwera kudzawerenga nyuzi anati Napolo, tonse tinangoti zii, chifukwa chichitikireni Freddy mu March 2023 dzina limenelo kuno si loseweretsa. Ambiri anagwirizana pa chambo. Chambo chovala jezi yofiira, chikumwetulira, pomwe pa msika chikugulidwa ndi mabwana okha ndipo asodzi eni ake akudandaula kuti mnyanja chachepa.

Ine ndinati mkungudza. Anandiseka kuti mtengo ungavine bwanji, ndinati lalanje linavina ku Spain. Ndinkanena mocheza koma pobwerera kunyumba, phiri likuoneka lonse mpaka ku Chambe dzuwa likulowa, ndinayamba kuganiza kuti mtengo umenewu unakhala kale mascot wathu, kungoti sitinausokere chimutu cha siponji. Ndi mtengo wa fuko, anaulengeza choncho mu 1984 nthawi ya Kamuzu. Mwachilengedwe umamera pa phiri la Mulanje pokha padziko lonse. Timauphunzira ku pulayimale, uli mmabuku okopa alendo, andale amautchula akabwera kudzadzala mitengo nyengo ya mvula atavala magambutsi atsopano. Koma akatswiri atakwera kukawerenga mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu yamoyo isanu ndi iwiri yokha. Seveni. Tonse a kuno tinkawaona anyamata akutsika ndi matabwa pamutu mbandakucha, opanda nsapato, mapewa atachita zikanga, ndipo sindingawanyoze chifukwa ena ndinaphunzira nawo ndipo ndikudziwa kuti ndalama yeniyeni sinkathera mmatumba mwawo. Pano a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anzawo akhala akudzala mbande zambirimbiri pamwambapo, midzi ina ili ndi manazale, koma mkungudza sukula ngati bulugama, wodzala lero sadzauona utakhwima, ndipo moto wolusa chaka chilichonse umapsereza ina. Mu 2025 phirili linalowa pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse, tinasangalala, zikwangwani zinakwezedwa.

Ndiye ndi ine pano, munthu wodandaula za mkungudza amene pansi pa bedi lake pali bokosi la mkungudza. Sindingalitaye, ndi la bambo anga. Ndipo chifukwa chomwe Zakumi wakhalira zaka zonsezi osadyedwa ndi njenjete kapena chiswe ndi fungo lomwelo la mtengowo, tizilombo sitiyandikira.

Ndinamutulutsa tsiku lija nkumupatsa mwana, ndinati chathu palibe koma uyu ndi wa aneba, anabwera ndi agogo ako aamuna aku Joni aja. Anamuyang'ana, kulowetsa chala pomwe panali diso, kumununkhiza, akuti akununkha utsi. Kenako anafunsa kuti ndi galu? Ndinati ayi ndi nyalugwe. Akuti nyalugwe nchani. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze za mbuzi pamwamba pa mtengo ndi kulira kwa sowo kuja, koma ndinaona kuti nanenso ndikungobwereza za agogo, sindinamuonepo ndi maso anga, ndipo pa anzanga onse okwera phiri ndi alendo palibe anandiuzapo kuti wakumana naye.

Usiku umenewo anagona naye pabedi, mnyumba. Mayi ake mmawa anamuchapa ndi sopo nkumuyanika pa chingwe ndi mapegi awiri mmakutu, tsitsi lagirini lija likudontha madzi.